Ana a zaka 6 ndi a zaka 14 mkalasi imodzi ya drama, ndiwagawe bwanji?

Mphunzitsi wa Loweruka: Anzanga a zisudzo thandizeni mutu wayima. Kalasi yanga yadzadza, ana kuyambira zaka 6 mpaka 14 muholo imodzi ya tchalitchi, maola awiri basi. Ana akuluakulu akufuna script ndi blocking (poima ndi poyenda pa siteji), tating'onoting'ono tikungothamangitsana kuseri kwa mabenchi. Makolo nawo, mayi ena akuti mwana wawo wa Sitandade 2 ndimuike kwa akulu poti chizungu amachitha, akuti fizi akulipira kuti adzamuone pa siteji osati azingoimba nyimbo za warm-up. Ndigawe potengera zaka kapena ndipange audition?

Madala a ku Zomba: Audition achimwene. Apatseni peji imodzi akaloweze, wobwera ataloweza apite gulu la siteji. Ife ku ATEM, mpikisano wa zisudzo za chizungu m'masukulu uja, tinkapita nawo choncho, mwana wosaloweza ndi katundu.

Madamu a pulayimale: Ayi madala, ATEM ija ndi ya ana a sekondale, apa tikunena mwana woti dzina lake akulemba movutikira. Osakwana zaka 9 musawapatse pepala. Ayambe ndi nthano, inu padangokhala iwo tili tonse, kenako wina akhale kalulu wina fisi, mawu apeke okha. Ku phunziro la Expressive Arts timatero ndipo wamanyazi amene amatseguka. Ola loyamba ang'ono, lachiwiri akulu, mayiwo muwaitane adzakhale kumbuyo tsiku limodzi adzionere okha.

Wa ku Ndirande: Ine langa ndi chenjezo pa ma part. Tinapatsa kamtsikana ka zaka 10 part ya mfiti, kanasewera bwino zedi, makala kumaso, lichero m'manja, holo yonse m'manja phwaphwaphwa. Lolemba kusukulu anzake anayamba kukaitana kuti mfiti, term yonse, mpaka agogo ake anabwera kunyumba kwanga atakwiya kuti mwatipatsa dzina m'mudzi. Mwanayo sanabwerenso ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa luso anali nalo. Part ya mfiti, chidakwa, woyendayenda, kambani kaye ndi makolo kapena asewere wamkulu.

Madala a ku Zomba: Zonsezo nzoona koma kuloweza ndiye maziko. Mukawazoloweza zopeka tsiku la show adzangoti kakasi kuyang'ana prompter, wowanong'oneza mawu uja.

Madamu a pulayimale: Amene amati kakasi ndi woloweza uja madala, akaphonya liwu limodzi zonse zabalalika. Wodziwa nkhani amapitiriza.

Mlongo wa ku Area 25: China chomwe sichinatchulidwe, mukagawa magulu musatsale nokha ndi ana, pezani mayi mmodzi wapatchalitchipo azikhala nawo makamaka posintha ma costume, atsikana kwawo anyamata kwawo. Rehearsal izitha dzuwa lisanalowe, ndipo dziwani amene akudzatenga mwana aliyense, osangomupereka kwa wa kabaza aliyense wonena kuti ndatumidwa. Mavidiyo osaponya pa Facebook kapena TikTok kholo lisanavomere, alembe pansi ndithu. A Sitandade 8 musawapatse lead mayeso akayandikira, adzakusiyani m'malere sabata ya show ndipo akalakwa mayeso mlandu udzakhala wa drama.

Madala a ku Zomba: Nchifukwa chake pamafunika understudy, wolowa m'malo lead akasowa, naye woloweza. Ine sindisintha, peji imodzi basi muona yekha amene ali serious.

Wa ku Ndirande: Za costume zandikumbutsa, ana asavale zofanana ndi gule wamkulu, kwina tinapita eni ake anatiimitsa sewero lili mkati ndipo anali ndi chifukwa. Koma achimwene holo ya tchalitchiyo mumalipira pa ola kapena pa mwezi? Ife atikwezera, pano tikuyeserera pansi pa mtengo wa mango, mvula ikayamba kaya.

Mlongo wa ku Area 25: Yesani kufunsa ahedi a sukulu yapafupi, Loweruka makalasi amangokhala. Alipo ali ndi ng'oma ziwiri zobwereketsa mwezi wamawa?