Ndani anadutsamo mu chithandizo cha khansa ya kotulukira chimbudzi?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Achimwene anga awapeza ndi khansa ya kotulukira chimbudzi, ife nthawi yonseyi timayesa ndi matenda a mudzi. Adokotala akuti opaleshoni ayi. Awapatsa mankhwala a khansa pamodzi ndi kuwotcha chotupacho ndi makina, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata 5 kapena 6, ndipo kudukiza kumachepetsa mphamvu ya chithandizocho. Apa ndi pamene mutu wandiima, chifukwa kwathu n'kutali ndi Lilongwe. Amene munadikirirapo wodwala wotere, munkagona kuti? Makina akaima, ankatani?

Za mankhwala anatchula mitomycin ndi 5-FU, ati pena amapereka mapiritsi a capecitabine m'malo mwa 5-FU wa m'diripi, ndipo mitomycin akasowa amaika cisplatin. Alipo analandira zimenezi?

Chikundisowetsa tulo kwambiri n'chakuti achimwenewa amamwa ma ARV. Akuti asasiye, koma thupi lingapirire zonsezi pakamodzi? Ndamvanso kuti khungu la pamalopo limasupuka, wodwala n'kumatsegula m'mimba. Munkawasambitsa bwanji, nanga munkawadyetsa chiyani? Amachita manyazi kufunsa okha, n'chifukwa chake ndafunsa ine.