Ndigule boti kapena ndimange nyumba yosungira chitowe?

Wa pa Ngabu

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira mu Ogasiti. Kunyumba tikaiyamba timangothera kukangana, ndiye mwina inu amene muli pambali mungaione bwino.

Ndili ndi zaka 31, ndili pabanja, ana awiri. Ndili ndi golosale pa Ngabu, ndipo nyengo yokolola ndimalowa m'midzi ndi sikelo kukagula chitowe ndi nandolo n'kukweza lole kupita nazo ku Limbe. Mpamba ndinaupeza pa kabaza. Ndinapalasa zaka zinayi kuyambira mu 2013, dzuwa la kuno mukulidziwa, mpaka ndinatsegula kawokala ka sopo, mchere ndi mafuta ophikira oyeza. Golosaleyi inakula kuchokera pamenepo.

Koma mtima wanga uli panjira. Sinditha kukhala pakauntala miyezi itatu osapita kwina. Mu 2018 ndinatenga njinga yomwe ija ya kabaza n'kutsika nayo kudzera pa Bangula ndi pa Nsanje mpaka pa Marka, ndinadinditsa pasipoti, ndinalowa Vila Nova n'kukafika ku Mutarara. Mlatho wa Dona Ana ndinauwoloka ndikukankha njinga, makilomita opitirira atatu, Zambezi ali pansi panga. Nditaima pakati, bambo wina wonyamula nkhuni anandilozera kumunsi n'kunena kuti Shire wanu amakalowera uko. Kuyambira tsiku limenelo ndimafuna kukafika pomwe mitsinje iwiriyi imakumana, ndili pamadzi, nditachokera kwathu. Ku Sapitwa ndinakafikako mu 2021. M'dambo la Elephant Marsh ndagonamo masiku atatu ndi asodzi.

Chaka chatha azungu awiri a panjinga anaima pagolosale kugula madzi. Tinacheza, ndipo m'mawa mwake ndinawatengera kudambo pa bwato la mnzanga. Ndalama imene anandisiyira inafanana ndi phindu la golosale la milungu iwiri. Apa m'pomwe ganizo linabwera: bwanji kuyendaku kukhale kumene bizinesi?

Zomwe ndasunga zikukwana chimodzi chokha. Boti ya injini yogulako kwa munthu, yoti ndizinyamula alendo komanso tsiku lina ndidzatsikire nayo ku Zambezi, kapena nyumba yosungiramo mbewu kuti ndisamagulitse chitowe mothamanga mtengo uli pansi. Mayi a kunyumba akufuna nyumbayo. Kudikira sindingathe, chifukwa zomwe zinachitika mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, zinandidyera ndalama zili m'banki. Amene munayesapo kuphatikiza malonda ndi maulendo, zinatheka?

Mayi wa nsomba, Bangula

Mwanangu, ndawerenga mpaka pansi. Ine ndinayamba kuoda mlamba ndi makakana kumadoko a dambo mukunenalo mlatho wa Mtayamoyo usanakokoloke mu 1997, ndiye madzi amenewo ndakalamba nawo.

Boti imadya ngakhale itangokhala padoko. Mlonda mumulipira, chifukwa injini ikagona pamadzi usiku umodzi simudzaionanso. Petulo akasowa pa Bangula mukamugula wa m'zigubu pamtengo woboola m'thumba. Namasupuni akakulunga pulopela pakati pa dambo mudzatsika ndinu m'madzi momwe muli ng'ona kuti mukachotse. Ndiponso njira za m'dambomo sizikhala pamodzi. Madzi a mu Januwale 2015 atapita, mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudzitsegulira ina, anthu a ku Makhanga n'kutsala ngati ali pachilumba. Pomwe munadutsa chaka chatha, chaka chino mupezapo mchenga kapena bango.

Maboti omwe ndawaona akubweza ndalama kuno ndi owolotsa anthu, njinga ndi matumba tsiku ndi tsiku. Amenewo mwini wake amadzuka nawo m'mamawa n'kuweruka nawo madzulo. Kodi inu mukufuna moyo umenewo? Ndikuona ngati ayi. Mukufuna kuona malo atsopano, osati kuwoloka doko limodzi kakhumi patsiku.

Ineyo ndinagulapo bwato ndi maukonde mu 2009 n'kupatsa anyamata awiri. Nsomba zinkagulitsidwa pamadzi pomwepo, ine kumtunda n'kumalandira zotsala ndi nkhani zambirimbiri. Patatha chaka ndinagulitsa zonse motchipa. Azungu awiri aja anakupatsani bwino, sindikukana, koma chichokereni iwo abweranso angati? Chitowe chimabwera chaka chilichonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Wolondolera alendo

Achimwene, amayi anena zoona pa za boti, koma pa za alendo ndisiyana nawo pang'ono. Ndagwira ntchito yoyenda ndi alendo kuchigwa kuno zaka zisanu ndi zitatu ndipo alendo alipo. Chomwe chilipo n'choti sadutsa pa Ngabu.

Ambiri amatsika phiri kuchokera ku Blantyre, n'kudutsa pa Thabwa, n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kenako n'kukhotera ku Majete. Amagona masiku awiri kapena atatu n'kukweranso. Chimawakoka n'chodziwika: a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks atayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2003 anabwezeramo zipembere, kenako njovu kuyambira mu 2006, mikango mu 2012, malo omwe nyama zinali zitatha ndi opha mozembera. Ena amapitirira ku Lengwe kukaona nyala. Nyengo yawo ndi ya chilimwe, Meyi mpaka Okutobala. Mvula ikagwa kumakhala zii. Muone bwino pamenepa, chifukwa miyezi yoyamba ya alendo ndi yomweyonso imene inu mumakhala m'midzi ndi sikelo.

Tsono amene angafune Elephant Marsh ndi ndani? Njovu mulibemo. Livingstone anaona mazanamazana mu 1859, lero latsala ndi dzina. Amene amafunsa za dambolo ndi okonda mbalame, makamaka chilembedwereni pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, mu 2017. Anthu amenewa injini saifuna, imathamangitsa zomwe abwerera. Amafuna bwato lopalasa mwakachetechete, kunyamuka kusanache, ndi munthu woti akaloza chinthu patali anene dzina lake m'Chingerezi osaganizira kawiri. Nkhwazi, akakowa ndi atsekwe aliyense amawadziwa. Koma mlendo akakufunsani komwe angaone mbalame yotchedwa African skimmer, muyankha chiyani? Ndinaonapo bambo wina wokalamba wa ku Scotland atakhala maola atatu pamalo amodzi osayankhula, kudikira mbalame imodzi. Itabwera anagwetsa misozi. Munthu wotero sakuwerenga ndalama, akuwerenga mbalame.

Ndiye chomwe mungagulitse si boti, ndi zomwe mukudziwa. Gulani buku la mbalame za kuno, zoonera patali ziwiri, malaifu jaketi anayi abwino. Mabwato achiteni hayala kwa asodzi, nawonso adyepo, akatero sadzakuonani ngati mlendo wodzawalanda dambo. Kaonekereni kwa amfumu ndi ku komiti ya padoko musanabweretse munthu. Za ziphaso kafunseni ku unduna wa zokopa alendo, chifukwa malo ogona alendo sangakutumizireni munthu wawo mulibe pepala, ndipo mlendo akavulala m'manja mwanu mulibe pepala, golosale ija ipita. Zonsezi sizifika ngakhale pa mtengo wa injini yokha.

Mnyamata wa pa Nsanje Boma

Ine ndikuti gulani botiyo akulu. Tonse tikamaopa ayamba ndani? Doko lija analitsegula a Bingu mu 2010 timalidutsa tsiku lililonse, simenti ili phee. Mtsinje ndi wathu koma timangouonera ngati wa eni. Munachoka pa kabaza n'kufika pa golosale, ndiye boti ingakukanikeni? Mukadzanyamuka wa ku Zambezi mundiuze, Chisena ndimayankhula, Chipwitikizi ndimamva, ndikupalasirani ulere.

Mayi wa pa Nchalo

Bambo, onse akuyankhula za boti. Ine ndiyankhula za amene mumawasiya pakauntala.

Amuna anga ndi a mtundu wanu. Ayenda ku Tete, ku Beira, ku Dar es Salaam, poyamba kukaoda katundu, kenako ndinazindikira kuti katunduyo chinali chifukwa chabe, chomwe ankafuna ndi msewu. Sindinawaletse ndipo sindiwaletsa. Zinthu zina zomwe zatipindulira m'shopu mwathu anaziona kunja n'kubwera nazo, ife tikanangokhala pano sitikanazidziwa.

Chomwe chinkandiwawa n'choti ankanyamuka ndi ndalama za m'kabati osalemba. Amati ndibweza ndikabwera. Ine n'kutsala ndi mashelefu opanda shuga, a banki m'khonde akufuna zawo Lachisanu, achibale awo akubwera kudzatenga katundu pangongole chifukwa akudziwa kuti mlamu sangawakanize. Mu Malichi 2019, madzi a Idai atalowa, iwo anali kutsidya, msewu utaduka, foni osagwira masiku anayi. Ndinanyamula ndekha matumba a ufa kukweza pamwamba, mwana ali kumbuyo. Atabwera ndinawauza kuti sizidzachitikanso.

Panopa tili ndi mabuku awiri. La shopu ndimasunga ine, ndipo ndimasaina nawo kubanki. Iwo amalandira malipiro pamwezi ngati wantchito, ulendo uliwonse umachokera m'malipiro awowo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi sachoka m'boma lino. Akachoka nthawi ina, ngongole sindipereka kwa aliyense, ndipo anakawauza okha abale awo, osati ine.

Mwalemba kuti mayi a kunyumba akufuna nyumba yosungira mbewu. Kodi munawafunsa chifukwa chake? Mwina si phindu la chitowe ayi. Mwina akufuna chinthu chomwe chidzakhalepo ngati tsiku lina simudzabwerako kumadziko. Afunseni usiku ana atagona, ndipo musawadule mawu.

Wa pa Ngabu

Takhuta nonse. Mayi a pa Nchalo, ndinafunsa dzulo. Yankho lake ndi lomwe munanenalo, pafupifupi mawu omwewo. Anandikumbutsanso kuti ulendo wa ku Mutarara uja ndinachoka mwana wathu woyamba ali ndi miyezi isanu, ndipo masiku asanu ndi limodzi sanadziwe ngati ndili moyo. Ine zimenezo ndinali nditaziiwala, iwo ayi.

Tagwirizana kuti njerwa tiyamba kuumba mwezi uno, pamalo okwera kuseri kwa golosale pomwe madzi a Freddy sanafike mu 2023. Buku la golosale atenga iwo. Achimwene olondolera alendo, buku la mbalame ndaitanitsa kwa msuweni wanga ku Blantyre, ndipo Loweruka ndikupita kudoko kukakambirana ndi mnzanga wa bwato uja za hayala. Mng'ono wanga wa pa Nsanje, mawu ako ndasunga, usasinthe nambala.

Koma za ku Zambezi sindinazisiye, ndipo mayi akudziwa. Funso langa tsopano ndi ili: pa bwato lopalasa, kuchokera pa Chiromo, zingatheke? Alipo anatsikapo?

Agogo a ku Chiromo (akulemba ndi mdzukulu)

Agogo akuti ndikulembereni izi monga akunenera.

Zingatheke, anthu akhala akutsika mtsinje umenewu makolo athu asanabadwe, ndipo sitima za pamadzi za azungu zinkakwera kuchokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, mpaka pano pa Chiromo, nthawi yomwe Nsanje ankatchedwa Port Herald. Agogowa anatsikapo kawiri ali mnyamata, atanyamula mphasa ndi nsomba zouma.

Musanyamuke madzi ali odzaza, mumakhala mitengo yoyandama ndipo gombe silioneka. Musadikirenso Okutobala, dzuwa lidzakuphani pamadzi ndipo mvuu zimaunjikana m'malo akuya momwe inunso mukufuna kudutsa. Juni kapena Julayi. Mvuu ya mwana musaidutse pakati pa iyo ndi madzi akuya. Mukafika pokhota menyani nkhafi m'mbali mwa bwato kuti zikumveni zisanakuoneni. Dzuwa likapendeka tulukani m'madzi, kagoneni kumudzi, ndipo mukafika yambani mwapita kwa mfumu musanamange moto. Manja asalendewere m'madzi, mbale muzitsukira kumtunda ndi madzi otunga.

Kuchokera pano kutsika, tsidya la kum'mawa ndi Mozambique, ndipo mukapitirira Marka mbali zonse ndi zawo. Akuti nthawi yawo ankangodutsa, koma inu musayerekeze: kadinditseni pachipata ndipo mufunse kumeneko za bwato musanalowe nalo. Ku dambo la Ndindi mitsinje imagawikana kambiri, tengani msodzi wa konko akutulutseni, mumulipire bwino, ndipo mukamusiya mutenge wina wa kutsogoloko. Munthu mmodzi sadziwa mtsinje wonse.

Bwato musagule latsopano lokongola. Gulani lakale lolimba, loti mukafika mukaligulitse konko n'kubwerera pamtunda, chifukwa kulikweza Shire kubwerera kuno ndi ntchito ya milungu.

Akutinso musananyamuke mudzafike kuno adzakuoneni mmene mumagwirira nkhafi. Mukadzabwera mudzawatengere mchere ndi fodya wa mphuno.