Mayi wakakamira Botox ya tsitsi, ndimubaye?

Namwino: Anzanga, ndipatseniko nzeru. Kwabwera mayi wa zaka 36, tsitsi likupyapyala paliwombo, mpata wapakati ukunka nukula. Waona pa intaneti kuti Botox, jakisoni womasula minofu uja, imameretsa tsitsi, ndiye wangokakamira. Ine ndinazolowera kubaya pachipumi, zam'mutuzi sindinagwirepo.

Dokotala wa khungu: Achemwali, jakisoniyo ayambe wadikira. Amene amabayawo amati minofu yozungulira mutu ikamasuka, magazi amayenda bwino pakhungu ndipo homoni ya DHT, yomwe imafooketsa mizu ya tsitsi, imachepa. Pongomva zimakoma. Koma ofufuza Freund ndi Schwartz, amene anayesa mayunitsi 150 a Botox mu 2010, anabaya amuna okhaokha, ochepanso, popanda gulu lina loyerekezera nalo. FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ku America, sinavomereze Botox pa vuto la tsitsi. Mwamuyang'ana bwinobwino m'mutumo? Timabowo ta tsitsi tikuoneka, kapena khungu lasalala n'kumanyezimira?

Namwino: Tikuoneka ndithu, kungoti tsitsi lina ndi lonenepa, lina ngati ubweya wa khanda. Nditakoka pang'ono, latsalira m'zala zanga lambiri, lililonse lili ndi kamutu koyera.

Dokotala wa khungu: Eya, chipsera palibe, mwayi ulipo. Pakanasalala ndikanaopa nthenda ya CCCA, imene imasiya chipsera pamutu n'kupheratu mizu ya tsitsi. Koma kuthothoka koteroko kukundikayikitsa. Anadwalapo posachedwa? Anabereka?

Wa mankhwala: Muyezeninso magazi: ferritin, yosonyeza ayironi wam'thupi, ndi TSH, yosonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito. Ayironi akachepa kapena chithokomiro chikasokonekera, mungabaye mpaka dzanja kutopa, tsitsi osabwerera. Paja mphamvu ya Botox imatha pa miyezi 3 kapena 4, azibwerabwera mpaka liti? Minoxidil, mankhwala opaka omeretsa tsitsi, ndiye wovomerezeka kwa amayi, bola kumuchenjeza kuti masabata oyamba limathothoka kaye, asataye botolo.

Namwino: Ndamuimbira. Ali ndi mwana wa miyezi 4, akuyamwitsa! Sananene, inenso sindinafunse. Manyazi andigwira.

Dokotala wa khungu: Zimachitika, achemwali. Nthawi imeneyi ndi imene tsitsi limayoyoka mayi akachira, ndipo kawirikawiri limabwerera lokha mwana akamakwanitsa chaka. Woyamwitsa ine sindimubaya Botox, mapiritsi a spironolactone ndi minoxidil nazonso ziyambe zaima. Kusiyana kunenepa kwa tsitsi kuja n'kumene tidzaonenso. Mujambuleni paliwombo akabwera, kuwala komweko, mpata womwewo, abwerenso pakatha miyezi 6.

Namwino: Magazi ndimutenga mawa. Chovuta n'kumuuza kuti sindimubaya, poti ndalama anali atakonza kale.