Ndege zomwe zinkatera ku Cape Maclear zija zinali zankhondo? Ndithandizeni Loweruka lisanafike

Gaidi wa ku Chembe: Anzanga, mwaswera bwanji. Dzulo ndachita manyazi. Tinkachokera ku Thumbi ndi alendo asanu ndi mmodzi, ndiye monga mwa masiku onse ndinaloza pamadzi n'kunena kuti pankhondo yachiwiri ya dziko lonse ndege zankhondo zinkatera pamenepa, zikusaka sitima zoyenda pansi pa madzi za Ajeremani. Mkulu wina wa imvi wa ku England anavula magalasi, n'kundifunsa mwaulemu ndithu kuti sitimazo zinkalowera kuti, mu Shire? Onse anafa nalo phwete, mpaka mnyamata wa pa injini. Mkuluyo akuti bambo ake ankakonza ndege zankhondo zotera pamadzi za Sunderland. Ine nkhaniyi ndinangoilandira kwa amene anandiphunzitsa ntchito, ndipo ndainena zaka zinayi. Tsono Loweruka ndili ndi ana a Folomu 3 ndi aphunzitsi awo. Ndikanene chiyani? Ndipo ndegezi m'Chichewa tizizitchula bwanji?

Nabanda: Pepani achimwene, koma mkuluyo sanalakwe. Mwasakaniza nkhani ziwiri. Kumenyana ndi Ajeremani panyanja ino kunachitika mu August 1914, pankhondo yoyamba, pamene sitima ya Angelezi ya Gwendolen inakawombera ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mfuti ya Gwendolen ndi ija ili pa wotchi ku Mangochi boma. Panalibe ndege pamenepo.

Madala Phiri: Nabanda wanena zoona. Zimene zinkatera kwanuko zinali za pasinjala, za kampani ya ndege ya ku Britain ya BOAC, mtundu wake Short Solent. Zinayamba mu November 1949 ndipo pofika kumapeto kwa 1950 zinali zitasiya. Nkhondo inali itatha mu 1945. Zinkachoka ku Southampton kupita ku damu la Vaal kufupi ndi Johannesburg, ndi anthu 34, kugona m'njira. Koma usataye mtima mwana wanga, amene anakuphunzitsayo sanangopeka zonse. Solent ndi mdzukulu wa Sunderland: kampani yake ndi yomweyo ya Short Brothers, anakulitsa Sunderland n'kupanga Seaford, kenako m'malo mwa mfuti n'kuikamo mipando. Ukayang'ana zithunzi zake ndi nkhope ya banja limodzi.

Gaidi wa ku Chembe: Zikomo madala. Koma ana ndimawadziwa, ndikangoti mipando ndi tiyi ayamba kuyang'ana mbuna. Za nkhondozo ndingazilumikize bwanji popanda kunama?

Che Saidi wa boti: Ingowauzani za ndege yankhondo yotera pamadzi ya Catalina ija inamiza Bismarck, chisitima chankhondo cha Ajeremani, ana amakonda zimenezo.

Madala Phiri: Che Saidi, pamenepo ndiye tikam'chititsanso manyazi mnzathuyu. Catalina sinamize Bismarck, inangoiona. Pa 26 May 1941 Angelezi anali atataya chisitimacho m'nyanja ya Atlantic, ndipo Catalina ya gulu la 209, yonyamuka ku Lough Erne ku Northern Ireland, inachipeza n'kutumiza uthenga. Zotsalazo zinachita ndi ndege zina ndi sitima zankhondo, chinamira mawa lake.

Ndipo ntchito ya ndegezi inali yomweyo, kuona. Catalina inali yoyenda pang'onopang'ono, injini ziwiri, mwina makilomita 200 pa ola, koma inkatha kukhala m'mwamba maola oposa 15. Tangoganizani tsiku lathunthu anthu akuyang'ana madzi okhaokha ndi kagalasi ka rada, maulendo ambiri kubwerera osaona kanthu. Koma kusaona kanthuko sikunali kulephera. Sitima yapansi pa madzi ya nthawi imeneyo inkathera nthawi yambiri pamwamba, chifukwa injini za dizilo zimafuna mpweya, ndipo pansi inkayendera mabatire, liwiro ngati la munthu wothamanga pang'ono. Ikangoona ndege inkamira, ndipo ikamira sitima zakatundu zinkaisiya m'mbuyo. Ndiye ndege yongozungulira pamwamba pa gulu la sitima inali ngati mwana wolondera mbalame m'munda wa mpunga: sagwira ngakhale imodzi, koma mpunga umakololedwa.

Nabanda: Chitsanzo cha mpungacho ndachiba kale. Koma achimwene, musapite kutali ku Atlantic. Tengani za nyanja ya Indian, yomwe anawo amaiphunzira pa mapu. Pakati pa 1942 sitima zapansi pa madzi za Japan zinamiza sitima zambiri pakati pa Mozambique ndi Madagascar, kenako kunabwera za Ajeremani. Ma Catalina anaikidwa ku Kipevu ku Mombasa, ku Durban, ndi panyanja ya St Lucia ku Natal. Pa 20 August 1943 ma Catalina awiri anamiza U-197, sitima yapansi pa madzi ya Ajeremani, kumwera kwa Madagascar. Yoyamba inaiponyera mabomba ophulikira pansi pa madzi mpaka inalephera kumira, ndiye inangokhala ikuizungulira kudikira inzake, yomwe inadzamalizitsa. Onse 67 amene analimo anafera pomwepo.

Madala Phiri: Ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Agogo athu, asilikali a KAR (King's African Rifles), sanapite ku Madagascar, Ceylon (lero Sri Lanka) ndi Burma pansi. Anakwera sitima, m'madzi omwewa. Pa 12 February 1944 sitima ya Khedive Ismail, yochoka ku Mombasa kupita ku Colombo ku Ceylon ndi asilikali a mizinga a kum'mawa kwa Africa, inamizidwa ndi sitima yapansi pa madzi ya Japan kufupi ndi Maldives, n'kufa anthu pafupifupi 1,300. Mwana akamva zimenezo amvetsa chifukwa chake munthu ankakhala maola 15 akuyang'ana madzi. Afunse anawo ngati kwawo kunali wina amene anapita ku Burma. Ine ndikafunsa choncho sipalephera kukwera dzanja.

Mlongo wa ku Nkhata Bay: Ndalowa mochedwa. Ngati mukufuna munthu mmodzi woti ana amukumbukire, pali Leonard Birchall wa ku Canada, woyendetsa Catalina. Pa 4 April 1942 anaona gulu la sitima za Japan likulunjika ku Ceylon. Anatumiza uthenga, ndege yake n'kuomberedwa, iye n'kugwidwa ukaidi mpaka nkhondo itatha. Mawa lake, tsiku la Pasaka, Colombo anaphulitsidwa koma anthu anali atachenjezedwa.

Za dzinazo, ine ndimati "boti louluka".

Che Saidi wa boti: Mlongo, mukatero ana a kuno adzakufunsani ngati limanyamukira kumanda ngati lichero. Ine ndimangoti ndege yotera pamadzi.

Koma ndilankhulepo za mbali yanga, poti za Bismarck ndagwa nazo. Pali ndege zina zazing'ono zimene zimaima pa timabwato tiwiri ngati miyendo. Izi ayi. Izi mimba yake yeniyeniyo ndiyo boti, imakhala m'madzi, ndipo tam'mapikoto ndi tongoletsa kupendekeka. Pansi pa mimbapo pali podukiza ngati sitepe, kuti ikathamanga madzi aisiye. Achimwene, awonetseni ndi boti lanu lomwelo. Muuzeni mnyamata akoke moto pang'onopang'ono: poyamba mutu umadzuka, kumbuyo kumakhala ngati wina akukoka, kenako boti limakwera pamwamba pa madzi n'kupepuka. Pamenepo muwauze kuti likanakhala ndi mapiko apa ndi pamene likananyamuka. Chodabwitsa n'choti madzi akachita bata ngati galasi oyendetsa ankavutika, ponyamuka madzi sasiya msanga, potera sudziwa kuti pamwamba pake ndi pati. Ankafuna timafunde tating'ono. Mwera weniweni ndiye ayi, n'chifukwa chake pamalo obisika ngati panupo, pakati pa Domwe ndi Thumbi, panali pabwino.

Madala Phiri: Apa Che Saidi abweza ngongole. Onjezapo kuti Sunderland, ya injini zinayi, inkanyamula nangula, inali ndi khitchini, mabedi ndi chimbudzi. Ikatera, mmodzi ankatulukira kumphuno ndi ndodo yangowe kukakola chingwe, ngati tikamakocheza Ilala ili pataliko.

Gaidi wa ku Chembe: Nanga wina akafunsa kuti zinasiyiranji?

Nabanda: Nkhondo yomweyo ndi imene inazipha. Poyamba zinkafunika chifukwa mabwalo aakulu a ndege anali ochepa, pamene madzi ali paliponse. Pankhondo anamanga mabwalo ambirimbiri, ndipo ndege za matayala zinali zothamanga ndi zotsika mtengo. Mu November 1950 BOAC inasiyiratu ndege zapamadzi, panjira ya Johannesburg n'kuikapo ndege za matayala za Hermes.

Gaidi wa ku Chembe: Ndiye ndalemba chonchi, mundikonze. Tikadutsa Otter Point ndidzati: "Pamadzi apa, kuyambira 1949 mpaka 1950, pankatera ndege za pasinjala zochokera ku England. Sizinali zankhondo, koma agogo ake anali ankhondo." Kenako Che Saidi aja a boti, kenako mpunga, kenako U-197, n'kumalizira ndi funso la Burma. Birchall ndimusunga, akafunsa.

Madala Phiri: Zili bwino. Koma chotsa "agogo ake anali ankhondo" pa U-197, chifukwa ija inamizidwa ndi Catalina, ya ku America, ya kampani ya Consolidated. Agogo a Solent ndi Sunderland. Mphunzitsi wina watcheru akhoza kukugwira pamenepo. Sindikiza zithunzi ziwiri, aziwerenga okha injini: ziwiri Catalina, zinayi Sunderland.

Mlongo wa ku Nkhata Bay: Zithunzizo muzikute ndi pulasitiki, zanga zinanyowa tsiku loyamba.

Gaidi wa ku Chembe: Ndamva. Mkulu uja akadali pa loji mpaka Lachisanu, ndipita madzulo ano ndikam'funse ngati ali ndi chithunzi cha bambo ake. Che Saidi, mundibwereke majekete khumi a ana, anga sakwana.

Che Saidi wa boti: Mudzatenge Lachisanu madzulo. Awiri zingwe zake ndi zoduka, mubwere ndi singano.