Okalamba a ku China: maganizo akuti "mwamuna kunja, mkazi pakhomo" amapweteka ndani?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Pofuna kudziwa ngati maganizo amenewa akuwononga umoyo wa agogo a ku China, tiwafunse bwanji? Nanga banja lingasinthe chiyani popanda kuwachotsera ulemu?

Woyankha woyamba: Musawaphatikize amuna ndi akazi, chifukwa nan zhu wai, nü zhu nei ("mwamuna kunja, mkazi pakhomo" m'Chitchaina) imawapweteka pa nthawi zosiyana. Agogo aakazi imawalemetsa msanga. Kwa zaka zambiri akazi ankapuma pa ntchito ali ndi zaka 50 kapena 55, amuna 60, ndipo kuyambira Januwale 2025 zaka zimenezi zikukwera pang'onopang'ono kufika 55 kapena 58 kwa akazi, 63 kwa amuna. Wopuma msanga penshoni yake imachepa, komabe ndi iye amene amalera zidzukulu, kudwazika apongozi, kenako mwamuna wake. Ena amatsatira ana ku Shanghai kapena Shenzhen kukalera mdzukulu pomwe hukou yawo (kaundula wa boma wosonyeza kwawo kwa munthu) idalembedwa kumudzi, ndiye amakhala opanda anzawo, za chipatala nazonso zimavuta. Agogo aamuna imawagwetsa pambuyo pake: ntchito ikatha ulemu wawo amauona ngati watha, mayi akamwalira sadziwa kuphika ngakhale nthawi yomwera mankhwala.

Woyankha wachiwiri: Gwiritsani ntchito mafunso 10 a CES-D (oyezera matenda a nkhawa), omwe kafukufuku wa CHARLS wa Peking University, wofufuza za umoyo wa okalamba ku China, amagwiritsanso. Mapointi amayambira 0 mpaka 30, ndipo ambiri amatenga 10 ngati poyambira kudera nkhawa. Koma mukangofunsa kuti "muli ndi chisoni?" adzakana, makamaka abambo. Yambirani pa tulo, chilakolako cha chakudya ndi mutu, poti mavuto a mumtima amawatchula ngati a m'thupi. Mayi muwafunse paokha, bambo kapena mwana wamwamuna palibe. Werenganinso maola amene amatha posamalira ena tsiku lililonse, ndipo mufunse ngati adasankha okha.

Woyankha wachitatu: Kubanja, musatsutsane nawo za chikhulupiriro chawo, sangasinthe ndi mkangano. Apatseni bambo ntchito imodzi yooneka yakunja, monga kugula ndiwo kumsika kapena kukatenga mdzukulu kusukulu. Kenako aphunzire zakudya ziwiri kapena zitatu mayi akadali ndi mphamvu. Mayi akhale ndi madzulo awo a gule wa pabwalo, guangchang wu, osawasokoneza. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti katundu akachoka pa agogo amangogwera mkazi wa mwana wawo, ndiye gawani masiku mwana wamwamuna ali pomwepo.