Galimoto ikufuka utsi wakuda, akuti vuto ndi EGR

Wofunsa: Abale ndithandizeni, galimoto yanga yafookeratu, pa chikweza chopita ku Zobue kuchokera ku Moatize imangolira osathamanga, kumbuyo utsi bii, ndikaima imanjenjemera mpaka kuzima yokha. Mlamu wanga ndi amene anaibwereka kukatutira kachewere ku Tsangano, anabweza thanki youma ngakhale zikomo osanena, ndiye mayi akunyumba akuti ndisamufunse poti ndi mchimwene wawo. Makaniko wangomvera kulira kwake nkuti vuto ndi EGR, valavu yobwezera utsi wina mu injini. Nditani?

Wa chapa (minibasi) ku Ulongue: TSEKANI EGR imeneyo achimwene!! Dulani kachitsulo muike pakati pa valavu ndi paipi basi, injini izidya utsi wake womwe chifukwa chani?

Makaniko wa ku Tete: Galimoto yanji, ya dizilo kapena petulo? Kanyali ka injini kayaka? Lumikizani kompyuta kaye. Ikaonetsa nambala ya vuto P0401 ndiye kuti utsi wobwerera ukuchepa, njira yatsekeka ndi mwaye. P0402 ukuchuluka, valavu yakanirira chotsegula, ndipo kunjenjemera mukunenako kukufanana ndi zimenezi.

Wa chapa ku Ulongue: Kompyuta ndi yodyera anthu ndalama imeneyo. Kachitsulo basi.

Makaniko wa ku Tete: Inu akulu, utsi umabwezedwa dala kuti moto wa mu silinda usatenthe kwambiri, mpweya woipa wa NOx uchepe. Mukatseka pa injini zamakono kanyali kamayaka ndipo zina zimadzichepetsera mphamvu.

Mayi wa ku Domue: Alamu ndi choncho, wanga anabwereka njinga yamoto inabwera yopanda galasi. Musadzabwereketsenso.

Wina: Mwina ndi mafuta a m'zigubu am'mbali mwa msewu aja, ine anandiphera ma injekita, mpaka lero ndikubweza ngongole.

Mnyamata wa ku Furancungo: Masulani valavuyo muione, mwaye wake umakhala phala lakuda lomata, palani ndi kutsuka, muonenso timapaipi ta vacuum ngati tang'ambika ndi fyuluta ya mpweya. Koma madzi akamachepa mu radiyeta utsi nkumatuluka woyera, ndi cooler ya EGR (yoziziritsa utsi wobwerera) yabooka, imeneyo siyotsuka.

Wa chapa ku Ulongue: Mutsuka lero mwaye ubweranso. NDANENA KALE.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mlamu uja akukana, akuti anaipeza ili choncho.

Makaniko wa ku Tete: Bambo, galimotoyo ndi yanji kodi??