Galasi la chitseko chotsetsereka laphwanyika, ndingalisinthe ndekha?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Dzulo mwala wochokera ku makina otchetchera udzu unaswa galasi la chitseko cha m'mbali, chotsetsereka chija, pa minivan yanga ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi). Linangoti phwaa, tizidutswa ting'onoting'ono mbwee pampando, ndipo tambiri tinagwera m'kati mwa chitseko moti ndikachikankha chikumalira kuti wayawaya. Pakadali pano ndangomatapo pulasitiki ndi tepi.

Sipanala ndimaigwira ndithu, koma galimoto ya hybrid imandichititsa nthumanzi. Ndikudziwa kuti mawaya a mtundu wa olenji amanyamula magetsi amphamvu, sakhudzidwa. Nanga kuchotsa waya wa negative pa batire laling'ono la 12V n'kokwanira ndisanamasule chivundikiro cha chitseko? Chitsekochi chimayenda ndi mota, ndiye ndikuopa kudula waya kapena kuthyola timapini tija togwira chivundikirocho.

Chinanso, galasi lakale linali lodera. Kodi la galimoto yofanana koma yoyendera petulo yekha lingalowe, kapena ndifunefune pogwiritsa ntchito nambala ya VIN (nambala ya chesisi yozindikiritsa galimoto)? Ndipo inu amene munasinthapo, zidutswa zija munazitulutsa bwanji kuti zisatseke timabowo totulukira madzi pansi pa chitseko?